Sitima Yomwe Sindinaikwere

Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa kampani ina yaing'ono yokonzera anthu maulendo ku Westlands. Ku Nairobi ndinabwera ndili mtsikana, kudzaphunzira za ntchito zokopa alendo, ndipo nditamaliza sukulu sindinabwerere kumudzi chifukwa mayi wina wa ku Kenya, mwini wake wa kampaniyo, anandilemba ntchito n'kundipezera chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo. Tonse pa ofesipo tinkawatchula kuti Madamu. Chilolezo changa chinali ndi dzina la kampani yawo, ndiye tsiku limene iwo akanatopa nane, basi Kenya yense akanakhala kuti watopa nane. Sankachita kundikumbutsa zimenezi mwachindunji. Ankadziwa kuti ndikudziwa.

Ndinkakhala ku Kasarani, m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba yosanja kanayi yopanda chikepe, momwe madzi ankatuluka pa mpopi masiku awiri okha pa sabata. M'mawa uliwonse ndinkakwera maminibasi awiri, amene ku Kenya amawatcha matatu, oyamba okanditula m'tauni, achiwiri okandisiya ku Westlands. Ndikafika ndinkapukuta fumbi pa nsapato, n'kukhala pansi kuyamba kufotokozera anthu za maiwe osambiramo oyandama pakati pa nyanja yamchere.

Nkhani ya sitima zapamadzi inandigwera mosayembekezera. Madamu anagwirizana ndi kampani ina ya ku Ulaya yomwe ili ndi sitima zikuluzikulu zongonyamula anthu okasangalala, ndipo panafunika munthu mmodzi woti aphunzire za sitimazo pa intaneti kuti azitha kuyankha makasitomala. Anzanga awiri a pa ofesi anakana, ati mayeso ake ndi ambiri. Ine ndinavomera, pakuti mlendo sasankha ntchito. Panali sitima imodzi yatsopano imene Madamu ankafuna kuti tiziitsatsa kwambiri. Poyamba ndinangoloweza zimene zimakopa maso. M'litali mwake mukhoza kuyala mabwalo a mpira atatu motsatizana, ndipo ikaima pa doko imaposa nyumba zambiri za maofesi za ku Westlands. Pakati pake pali msewu wa mashopu wokhala ndi denga lowala, holo ya zisudzo, malo odyera ochuluka kuposa zala za m'manja, ndi kamunda ka mitengo yeniyeni komwe kali ndi wolima wake. Pamwamba pali maiwe ndi matsetsereko amadzi opindikapindika ngati matumbo a mbuzi. Izi ndinkazinena mosaona papepala, ndipo anthu ankagula.

Tsiku lina Lachiwiri kunabwera bambo wina wa ku Malawi amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anali injiniya wa zamadzi ku bungwe lina lalikulu la mayiko ambiri, ndipo anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Amalawi onse a ku Nairobi ankawalemekeza. Akazi awo, omwe kale anali mphunzitsi, anadwala sitiroko zaka zitatu m'mbuyomo, mbali yakumanzere inafa, ndipo ankayenda pa njinga ya olumala. Kulankhula ankalankhula, koma pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi. Abambowo anandiuza kuti ali anyamata analonjeza akazi awo kuti adzawayendetsa pa nyanja yamchere, ntchito inawachedwetsa, ndipo sankafuna kubwerera ku Malawi lonjezolo lili pomwepo.

Ndinawayalira kabuku kokongola ka sitimayo n'kuyamba nyimbo yanga ya maiwe ndi mashopu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatulutsa kakope m'thumba la jekete n'kundifunsa kuti chinthu chachitali chonchi chimalekeranji kugubuduzika mphepo ikawomba, magetsi akazima pakati pa nyanja chikepe chimatani, nanga madzi akumwa a anthu zikwizikwi amachokera kuti. Ndinayankha kuti sitimayo ndi yamakono ndipo chitetezo chake n'chapamwamba. Anamwetulira.

"Mwananga, zimenezo ndawerenga kale m'kabukuka. Ine ndikufunsa za sitima."

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandiphunzitsa kuposa mayeso onse a pa intaneti. Ndinayamba kufufuza zimene sizilembedwa m'mabuku otsatsa malonda. Loweruka masana ndinkapita kunyumba kwawo, kufupi ndi Westlands komweko, nditanyamula zimene ndapeza. Tinkakhala pa tebulo atatu, tiyi ali pakati, iwo n'kumajambula kuseri kwa maenvelopu zimene ine ndangowerenga osazimvetsa. Anandionetsa kuti zolemera zonse, mainjini, matanki a mafuta ndi a madzi, zimaikidwa pansi penipeni, pomwe nsanjika zapamwamba zimamangidwa ndi zitsulo zopepuka, n'chifukwa chake sitima imapendekeka n'kubwereranso. Ine ndinawauza za zipsepse ziwiri zachitsulo zimene zimatuluka m'nthiti mwa sitima pansi pa madzi mafunde akakula, n'kumadzipinda zokha kuti anthu m'kati asamve kugwedezeka kwambiri. Anasangalala ngati mwana atamva kuti mainjini sazunguza mapulopela mwachindunji, koma amapanga magetsi, ndipo magetsiwo ndi amene amayendetsa zonse, kuyambira mapulopela okhoza kutembenukira mbali iliyonse mpaka firiji ya ayisikilimu. Ati ndiye kuti ndi siteshoni ya magetsi imene anthu anangoimangira hotela pamutu. Jenereta yangozi imakhala kumwamba, kutali ndi kumene madzi angalowe. Pansi pa sitima anapagawa m'zigawo zokhala ndi zitseko zosalowa madzi, kuti chimodzi chikabooka zina zitsale zouma.

Koma chimene chinawatenga mtima chinali madzi. Nditawafotokozera kuti sitimayo imatunga madzi amchere n'kuwakankha mwamphamvu kudutsa m'masefa osaoneka mabowo mpaka mchere wonse utatsalira, anavula magalasi. Kenako anati moyo wawo wonse akhala akukumba mijigo m'mayiko a anthu ovutika, kuthamangitsana ndi dontho limodzi, pomwe ena anapeza kale njira yomwera nyanja n'kuigwiritsa ntchito podzaza maiwe osewerera. Ine sindinawauze kuti kwathu ku Kasarani tsiku limenelo ndinasamba madzi a m'chigubu. Amayi aja ankatimvetsera, nthawi zina n'kuseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti amuna awo apeza wophunzira amene ana awo enieni anakana kukhala. Ana awo awiri anali kunja, wina ku Canada, wina ku Joni. Sindibisa, ndinkapita kumeneko ndi njala ya makolo.

Pa zonse zimene tinaphunzira, chachikulu chinali chitseko. Zipinda zogona za m'sitima zotere sazimangira m'sitimamo. Amazipanga ku fakitale chilichonse pachokha, bokosi lathunthu lokhala ndi bedi, kabati ndi bafa, kenako amazilowetsa m'sitima motsatizana ngati madirowa. Chifukwa cha zimenezi zimakhala zofanana ndiponso zopanikizika. Chitseko chake n'chopapatiza, ndipo bafa limakhala lokwera, lili ndi chiundo pakhomo, chifukwa mapaipi amadutsa pansi pake. Potulukira pakhonde la chipinda, loyang'ana kunyanja, palinso chiundo china chotchinga madzi a mvula. Kwa munthu woyenda ndi miyendo, zimenezi sazionanso n'komwe. Abambowo anatenga tepi yoyezera, anagwada n'kuyeza njinga ya akazi awo kuchokera ku tayala mpaka ku tayala, ine n'kuyerekeza ndi muyeso wa chitseko umene ndinali nawo papepala. Njingayo sikanalowa.

Koma m'sitimamo munali zipinda zochepa zopangira anthu olumala. Zitseko zake n'zotakasuka, pansi n'posalala kuyambira pakhomo mpaka m'bafa ndi pakhonde, shawa ili ndi mpando ndi zogwirira m'makoma, ndipo malo ndi okwanira kuti njinga itembenuke. Zipinda zimenezi zimatha msanga. Ndinawagwirira chimodzi kutatsala miyezi isanu ndi itatu, pa nsanjika yam'munsi, pakatikati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri, pafupi ndi zikepe. Nditawaonetsa pa mapu a sitima, amayiwo anaika chala chawo chabwino pa kabokosiko n'kunena kuti, "Kwathu."

Ulendowo unakula. Abambowo atauza anzawo, anthu ena analembetsa, ndipo Madamu anawonjezera makasitomala awo a ku Kenya mpaka linakhala gulu la anthu pafupifupi makumi awiri, lonyamuka pa ndege ku Nairobi kukakwera sitima ku Ulaya kwa masiku asanu ndi awiri. Gulu likafika pamenepo, a sitima amapereka malo amodzi aulere kwa wolitsogolera. Madamu ananena pamaso pa ofesi yonse kuti malowo ndi anga, popeza palibe wina amene akuidziwa sitimayo ngati ine. Ndinakonzetsa pasipoti. Ndinapita ku msika wa Gikomba kukasankha chikhoti cha kaunjika, ndinachichapa kawiri n'kuchipachika kuseri kwa chitseko. Ndinaimbira mayi anga ku Zomba, ndipo iwo anauza mpingo wonse.

Kuti ndipemphe viza pankafunika kalata yochokera kwa wondilemba ntchito. Madamu ankati mawa, mawa likafika ankati kesho, ngati kuti mawa la Chiswahili ndi lina. Kutatsala milungu isanu anandiitanira mu ofesi mwawo n'kundiuza kuti aganiza bwino. Ati munthu wa pasipoti ya Malawi wokhala ku Kenya, wosakwatiwa, wopanda nyumba kapena munda, a ku kazembe angamukayikire, ndipo gulu silinganyamuke lopanda mtsogoleri. Choncho apita okha. Anandipempha kuti ndiwalembere mwachidule zofunika kudziwa za sitimayo, masamba awiri basi, chifukwa alibe nthawi yowerenga zambiri. Ndinalemba masamba awiriwo. Abambo aja atamva anakhumudwa, anafuna kukalankhula ndi Madamu, koma ndinawaletsa. Ndinawauza kuti chachikulu n'chakuti amayi akaone nyanja, zonse ndakonza, palibe chimene chingavute.

Kutatsala masiku anayi kuti anyamuke, ndinatsegula kompyuta kuti ndisindikize mapepala a aliyense, ndipo ndinapeza kuti nambala ya chipinda cha banja lija yasintha. Anali atawasamutsira ku chipinda wamba, nsanjika zisanu pamwamba, kutsogolo kwenikweni kwa sitima. M'chipinda chawo chija munali mutalembedwa bwana wina wa kampani yomanga nyumba, amene antchito ake onse ankagula matikiti a ndege kudzera kwa ife. Bwanayo anaona pa mapu kuti chipindacho n'chachikulu kuposa chake, anafunsa chifukwa chake, ndipo Madamu anamusinthira. Pa fomu imene a sitima amafuna kuti munthu alembe vuto lake, analemba kuti ali ndi bondo lovuta. Bondo limenelo ndinali nditaliona likukwera masitepe athu awiriawiri.

Ndinalowa mu ofesi ya Madamu osagogoda, kwa nthawi yoyamba. Ndinawafotokozera za chitseko, za chiundo cha m'bafa, za tepi yoyezera. Anandimvetsera akuyang'ana foni. Anati chipinda chatsopanocho chili pamwamba, n'chooneka bwino, anthu amachita kulimbirana, ndipo ngati pali vuto a sitima akakonza akafika, alankhula nawo kale. Ndinawauza kuti khoma lachitsulo salikonza ndi kulankhula, ndipo zipinda zonse za olumala zinadzaza kalekale. Apo anaika foni pansi n'kundiyang'ana.

"Sawa, ndamva. Zisiye m'manja mwanga, ndipo usawasokoneze mutu akuluakulu aja ulendo usanayambe." Nditafika pakhomo anawonjezera mofatsa: "Usaiwale kubweretsa zithunzi zija za chilolezo chako, mwezi wamawa chikutha."

Nambala ya foni ya abambowo ndinali nayo. Akanamva tsiku limenelo, akanabwera okha, ndipo munthu ngati iwo Madamu sakanawakaniza. Ndinaigwira foniyo m'matatu kuyambira ku Westlands mpaka m'tauni, kuyambira m'tauni mpaka ku Kasarani. Ndinadziuza kuti mwina a sitima akonzadi. Ndinadziuza kuti kwa eni kulibe mkuwe. Ndinadziuza zambiri, koma ndinali munthu yekhayo mu Nairobi yense amene ankadziwa bwino lomwe muyeso wa chitseko chimenecho. Ndinaika mapepala awo mu envelopu, nambala yatsopano ili pakati pa manambala ena, n'kuwatumizira pa bodaboda, kabaza wa njinga yamoto. Tsiku loti anyamuka mawa lake abambowo anandiimbira masana kundithokoza. Anapereka foni kwa amayi, omwe anatenga nthawi kuti atulutse mawu akuti zikomo mwanangu. Ine ndinati muyende bwino.

Gululo linali ndi tsamba lake la WhatsApp, ndipo ine ndinalimo. Madamu anayamba kutumiza zithunzi asanalowe n'komwe m'sitima. Iwo ali pa msewu wa mashopu uja, iwo ali m'kamunda ka mitengo, iwo atanyamula tambula pafupi ndi dziwe. Malo onsewo ndinkawazindikira, ndinkatha kunena nsanjika yake ndi mbali imene wojambula anaima. Banja lija silinkaoneka m'zithunzi. Tsiku lachiwiri abambowo ananditumizira chithunzi chimodzi kumbali, chopanda mawu. Chinali tepi yoyezera itatambasulidwa pakhomo la chipinda, njinga ili panja m'kanjira.

Ndinaimba ku ofesi ya a sitima ku Ulaya, ndinalemba makalata atatu. Anandiyankha mwaulemu kuti zipinda zonse zotero zili ndi eni ake, ndipo kusintha kunachitika mopemphedwa ndi kampani yathu. Anati atumiza kampando ka pulasitiki koika m'shawa. Ndinalembera Madamu kuti apemphe bwana uja abweze chipindacho. Anandiyankha ndi chithunzi cha dzuwa likulowa m'nyanja.

Atabwerako, abambowo anafika ku ofesi Lolemba m'mawa atavala suti, akuyenda mopindika pang'ono. Sanakweze mawu. Anapempha kuonana ndi Madamu ine ndilipo, ndipo anafunsa funso limodzi lokha, lakuti anasintha chipindacho ndani. Madamu anapukusa mutu mwachisoni. Anati iwonso zinawapweteka kwambiri, anayesetsa ali m'sitimamo koma zinakanika. Ati zolembetsa zonse za ulendowu zinali m'manja mwa mtsikanayu, ndi wakhama koma ntchito inamuchulukira, ndipo pokonza mndandanda womaliza anasokoneza manambala. Anapepesa m'malo mwanga. Analonjeza kuti andilangiza.

Abambowo anatembenukira kwa ine. "Ndi zoona zimenezi, mayi?"

Chiyambire anali asananditchulepo kuti mayi. Ndinayang'ana kapeti. Mapepala a chilolezo changa anali mu dirowa ya tebulo lomwelo, atasainidwa theka. Ndinati pepani bambo. Anadikira kuti mwina ndiwonjezera, koma sindinawonjezere. Anadzuka, anagwirana chanza ndi Madamu, n'kutuluka. Madzulo a tsiku lomwelo Madamu anamaliza kusaina mapepala aja n'kundipatsa kabokosi ka chokoleti kokhala ndi chithunzi cha sitimayo.

Amalawi a ku Nairobi ndife ochepa, ndipo nkhani imayenda msanga kuposa bodaboda. Abambowo si munthu wa miseche, koma panali ena a m'gulu lija amene anaona zonse. Lamlungu lotsatira amayi a kutchalitchi anandipatsa moni wa m'mphepete mwa milomo. Wina amene ndinkamukonzera matikiti a tchuthi chaka chilichonse anandiuza kuti chaka chino agula yekha pa intaneti. Ndinamva wina akunena kuseri kwanga kuti atsikana a masiku ano akakanizidwa ulendo amalipsira pa odwala. Bodza limeneli linandiwawa kuposa la Madamu, chifukwa linali ndi mutu ndi miyendo, munthu akanatha kulikhulupirira. Ndinayamba kukhala kumbuyo n'kumatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Patapita milungu itatu, wantchito wa kunyumba kwawo anandiimbira kuti amayi akundifuna Loweruka masana. Ndinawapeza ali okha pa tebulo lija. Abambo anali kuseri, kumunda wa maluwa. Panalibe tiyi. Anandiuza kuti ndikhale, n'kuyamba kundifotokozera za ulendowo, liwu ndi liwu, kupumira pakati. Zinatenga pafupifupi ola, ndipo sindinawathandize kumaliza chiganizo ngakhale chimodzi.

Njinga inkachita kupindidwa pakhomo, ndipo amuna awo, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ankawanyamula kuwalowetsa m'chipinda, kuwakweza m'bafa, kuwatsitsa. Anyamata ogwira ntchito m'sitimamo ankathandiza akapezeka, koma ku chimbudzi munthu suitana mwana wa eni. Tsiku lachitatu msana wa abambowo unagwira, anakabayitsa jakisoni ku kachipatala ka m'sitima komwe ine ndinkakatama. Kuyambira pamenepo amayiwo anakana kutuluka. Ankawapukuta ndi thaulo pabedi. Anasiya kumwa madzi okwanira kuti asamavutitse anthu pafupipafupi. Kutsogolo kwa sitima kumadumpha ndi mafunde, ndipo masiku awiri anasanza. Pakhonde sanafikepo chifukwa cha chiundo chija. Nyanja anaiona ali chigonere, kudzera pa galasi la chitseko, kachigawo kakang'ono pakati pa katani ndi khoma. Anati inali yokongola, sanganame. Chakudya chinkabwera m'chipinda, chabwino, chambiri. Usiku umodzi wokha anavala diresi imene anasoketsa, anawatengera ku holo ya zisudzo, ndipo ali m'chikepe anakumana ndi bwana wa bondo uja akuchokera kovina.

Atamaliza anapukuta pakamwa ndi kansalu n'kundiyang'ana ndi diso lawo la uphunzitsi.

"Iwe susokoneza manambala. Ndinakuona ukugwira ntchito. Ndiuze chimodzi chokha. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, mayi. Masiku anayi musananyamuke."

Ndinawauza zonse, za bwana uja, za fomu yabodza, za zithunzi za chilolezo. Ndinkaganiza kuti choonadi chindipeputsa, koma pochinena ndinamva ndekha kuti chikulemera kuposa bodza la Madamu. Wosokoneza manambala ndi munthu wolakwitsa chabe. Amayiwo sanalire, sanandikalipire. Anati ndipite kuseri ndikawauze abambo ndekha, iwo alibe mawu okwanira kubwereza zonsezo.

Ndinawapeza atakhala pa mpando, akuthirira maluwa ndi paipi chifukwa kuwerama kunali kukuwavutabe. Ndinaima chapatali n'kunena zonse kachiwiri. Anatseka madzi. Anandifunsa ngati ndinkaganiza kuti iwo, atakhala zaka zonsezi m'dziko lino, akanalephera kundipezera loya kapena ntchito ina Madamu akanandichotsa. Ndinati sindinaganize. Anati ayi, ndinaganiza, koma ndinawayeza n'kuwapeza opepuka. Kenako ananena mawu amene sindinawaiwale.

"Umphawi ndimaudziwa, mantha ndimawadziwa, sindikukuweruza pa zimenezo. Koma unadya pa tebulo langa. Ukanangoimba n'kudula, ine ndikanaimbanso."

Anatsegulanso madzi. Ndinabwerera m'nyumba kukatsanzika, amayiwo anangogwedeza mutu, ndipo wantchito uja ananditsegulira geti.

Sanakasume kulikonse. Ndikuganiza kuti anadziwa kuti akakoka ulusi umenewo, woyamba kugwa ndikhala ine, ndipo chifundo chimenechi chinandipweteka mwa mtundu wakenso. Analembera Madamu kalata imodzi, imene sindinaione. Madamu anaiwerenga, anaiika m'dirowa, ndipo kwa sabata yathunthu sanandilankhule. Kenako zinatha ngati chimfine. Bwana wa bondo anapitiriza kugula matikiti kwa ife, ndipo ankati akabwera amandiuza kuti chipinda chija chinali chabwino zedi, bafa lake ngati la kunyumba.

Kumapeto kwa chakacho abambowo anapuma pa ntchito ndipo anabwerera ku Malawi. Matikiti anagula kwina. Mpingo unawakonzera phwando lotsanzikana ku Utawala, kunyumba ya mkulu wina wa mpingo. Ndinavala, ndinakwera matatu mpaka kufika pa siteji, ndinaima tsidya lina la msewu ndikuona magalimoto akulowa pa geti, kenako ndinaoloka n'kukwera matatu obwerera. Patatha chaka ndi miyezi ndinawerenga pa tsamba la Amalawi kuti amayi aja amwalira ku Lilongwe. Ndinalemba uthenga wachipepeso kwa abambowo. Unaonetsa kuti awerenga.

Anthu akamva nkhaniyi amafuna ndiwauze kuti ndinasiya ntchito mawa lake. Sindinasiye. Ndinakhalapo zaka zina ziwiri, mpaka nditapeza malo ku ofesi ya zamaulendo ya bungwe lina kumene ndili pano, komwe ndimangokonza matikiti a ndege a anthu opita ku misonkhano. Chaka chotsatira ulendo uja, Madamu anafuna kukonzanso gulu lina, ndipo anaona kuti anthu opuma pa ntchito ndiwo ali ndi nthawi. Anandiuza kuti ndilembe kapepala kotsatsa, kotsindika kuti sitimayo ndi yabwino kwa achikulire ndi ovutika kuyenda. Ndinakhala pansi n'kulemba za zikepe zambiri, za tinjira topanda masitepe, za madokotala opezeka nthawi iliyonse, za kukhazikika kwake pa mafunde. Munalibe bodza ngakhale limodzi. Madamu anakawerenga n'kunena kuti palibe amene amalemba ngati ine, ndipo pofika mwezi wa Marichi malo onse anali atadzaza. Amene anakalitsogolera gululo anali mchemwali wa Madamu.